Chikalata cha kupolisi ndi ntchito ya mng'ono wanga

Mng'ono wanga anakhala m'ndende zaka ziwiri chifukwa choba fodya pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Ali komweko anaphunzira ukalipentala, ndipo mipando imene amakhoma ndi yolimba ndithu. Atatuluka anafunsira ntchito pa kampani ina, koma anamuuza kuti abweretse chikalata cha kupolisi chimene munthu amalandira akadinda zala, ndipo mlandu wake utaonekera sanamuitanenso.

Sindikuwadzudzula olemba ntchito chifukwa choteteza katundu wawo. Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe amene anamufunsa zimene wakhala akuchita chitulukireni m'ndende. Lero amakhoma mipando pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chamama, ndipo amene amamugula ndi anthu a m'mudzi omwewo amene amaudziwa bwino mlandu wake.