Ndani amasankha vesi?

Ndimawerenga Baibulo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndimaphunzitsa ana ku Sande sukulu. Ndanena zimenezi poyambirira kuti wina asathamangire kunditcha wachikunja asanamve nkhani yonse. Koma munthu akandiuza kuti popanda Baibulo sitingadziwe chabwino ndi choipa, ine ndimakana, Baibulo lomwelo lili m'manja.

Tiyambe ndi ukapolo. Lero palibe mbusa amene angaime pa gome n'kulalikira kuti kugula munthu n'kololedwa. Koma tsegulani Eksodo 21:20-21. Akuti munthu akamenya kapolo wake ndi ndodo, kapoloyo n'kufera pomwepo, alangidwe. Koma akakhala ndi moyo tsiku limodzi kapena awiri, womenyayo alibe mlandu, chifukwa kapoloyo ndi chuma chake. Levitiko 25 akulola kugula akapolo kwa anthu a mitundu ina, n'kudzawasiyira ana ako ngati cholowa. Musati ndi za Chipangano Chakale chokha ayi. Aefeso 6:5 akuuza akapolo kuti azimvera ambuye awo mwamantha ndi monjenjemera.

Eni akapolo a ku America mavesi amenewa ankawadziwa pamtima. Mu 1845 Abaptisti a kumwera kwa dzikolo anapatuka n'kuyambitsa Southern Baptist Convention, mkangano wake unali woti kodi mwini akapolo angatumidwe ngati mmishonale. Kupepesa anadzapepesa mu 1995, patatha zaka 150. Mu 1807 ku London kunasindikizidwa Baibulo lodulidwadulidwa la akapolo a ku zilumba za Caribbean: nkhani ya Aisraeli kuthawa ukapolo ku Iguputo anaichotsa, Agalatiya 3:28 yonena kuti palibe kapolo kapena mfulu anaichotsanso, koma ya kumvera ambuye ija anaisiya bwinobwino. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inathetsa malonda a akapolo, ndipo amene anatsogolera nkhondoyo, William Wilberforce, anali Mkhristu wa Baibulo kwambiri. Abraham Lincoln, pulezidenti wa America pa nthawiyo, anachiona chimenechi pamene ananena mu 1865 kuti mbali zonse ziwiri za nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo zinkawerenga Baibulo limodzi ndi kupemphera kwa Mulungu mmodzi.

Mavesi aja akadali momwemo mpaka lero, palibe anafufuta. Ndiye chinasintha n'chiyani? Anthu anaona zipsera za zikoti pamsana pa anzawo, mtima unakana, kenako anabwerera m'buku kukakweza mavesi ena ndi kutsitsa ena. Amene anasankhayo ndi chikumbumtima.

Ndinaziona ndi maso tsiku lina tikuwerenga 1 Samueli 15, pamene Sauli akulamulidwa kupha Aamaleki onse, amuna, akazi, ana ndi makanda oyamwa. Kamtsikana kena kamene kamakhala kumapeto kwa benchi kanasiya kusewera ndi chingwe cha nsapato, n'kukweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga makandawo analakwa chiyani?" Funso limenelo sanalitenge m'mutu umene tinkawerengawo. Anabwera nalo kuchokera mumtima mwake, ndipo sindikanamuuza kuti alisiye pakhomo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti Baibulo lenilenilo limalemekeza funso lotere. Abrahamu anatsutsana ndi Mulungu pa za Sodomu, kumufunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo. Anali ndi muyeso wa chilungamo Mose asanabadwe n'komwe. Yesu pa Mateyu 19:8 anati lamulo la kusudzula Mose analipereka chifukwa cha kuuma mtima kwa anthu, kutanthauza kuti si lamulo lililonse lolembedwa limene likuonetsa chifuniro chenicheni cha Mulungu. Paulo naye pa Aroma 2 akuvomera kuti anthu opanda chilamulo ali nacho cholembedwa m'mitima yawo.

Sindikunena kuti chikumbumtima sichilakwa. Chimagona, chimagulika, chimadzikonda. Davide anatenga mkazi wa Uriya, n'kuphetsa mwini wake, mtima uli zii, mpaka Natani anamufotokozera fanizo la munthu wosauka ndi kamwana kake ka nkhosa. Apa ndi pamene Baibulo lili ndi mphamvu imene sindinaipeze kwina kulikonse: limakudzutsa, limakuloza chala. Koma taonani kuti Natani sanayambe ndi kutchula lamulo. Anasimba nkhani, ndipo Davide anapsa mtima yekha, chifukwa kuipa kwake ankakudziwa kale.

N'chifukwa chake mawu oti "kwalembedwa" sandikwanira pamene moyo wa munthu uli pangozi. Satana naye anatchula Salimo 91 poyesa Yesu. Ndamvapo mayi womenyedwa akuuzidwa kuti apirire chifukwa Aefeso 5:22 akuti akazi agonjere amuna awo. Vesi imeneyo ili m'ndandanda umodzimodzi wa malangizo a m'nyumba ndi ya akapolo ija, mavesi ochepa chabe pakati pake. Amene anasiya kale ya akapolo koma akugwiritsa iyi pobweza mayiyo kunyumba, andiuze muyeso umene wagwiritsa ntchito posankha.