Chiwaya ndi anthu amene ankachisenza

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yowotcherera zitsulo, ndiye chitsulo chilichonse ndikachiona ndimayamba kudzifunsa kuti chikulemera bwanji ndipo angachinyamule ndani. Ku Saxonwold, pafupi ndi zoo ya Johannesburg, kuli nyumba yosungira zida zakale za nkhondo ya Ditsong, imene Jan Smuts anatsegula mu 1947. Anthu ambiri amathamangira kukaona ndege ndi akasinja. Ine zimene zimandiimitsa ndi mfuti zikuluzikulu za chiwaya zokhala pa miyendo itatu.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Hiram Maxim, mbadwa ya ku America, amene anapanga mfuti yake ku London mu 1884. Aliyense wowombapo mfuti amadziwa kuti imakankha paphewa. Maxim anatenga mphamvu yokankha imeneyo n'kuipatsa ntchito: itulutse chotsalira cha chipolopolo chowombedwa, ikoke china kuchokera pa lamba wansalu, iwombenso yokha. Pa mphindi imodzi zinkatuluka zipolopolo pafupifupi 600. Mpope wa mfuti ungafiire ndi moto woterowo, choncho anauzunguliza ndi chitini cha madzi okwana ngati malita anayi, ndipo madziwo ankachita kuwira. Monga munthu wa zitsulo, luso limenelo ndimaligomera. Koma likandikumbutsa kumene analiyesera, mtima umandiwawa.

Analiyesera pa ife. Mu 1893 asilikali a kampani ya Cecil Rhodes anakumana ndi ankhondo a Lobengula, mfumu ya Amandebele, ku Shangani ndi ku Bembezi, kumene lero kuli Zimbabwe, ndipo Amandebele anagwa mazanamazana asanafike n'komwe poti n'kuponya mkondo. Mu 1898 Angoni a Mpezeni, kufupi ndi kumene lero kuli Chipata, anakumana ndi mfuti yomweyo. Chaka chomwecho ku Omdurman, m'dziko la Sudan, kunafa anthu pafupifupi 10,000 tsiku limodzi, pamene kumbali ya Angerezi ndi Aiguputo akufa sanakwane 50. Ine ndine Mngoni wa ku Ntcheu, ndipo zimandipweteka anthu akamanena ngati makolo athu anagonja chifukwa cha mantha. Munthu wothamangira chiwaya ali ndi chishango cha chikopa si wamantha.

Akuluakulu a nkhondo a ku Ulaya sanatolepo phunziro, mwina poganiza kuti zoterezi zimagwera anthu akuda okha. Pa 1 Julayi 1916, pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ku Somme m'dziko la France anauza anyamata awo kuti ayende kulunjika ku ziwaya za Ajeremani, ndipo tsiku limenelo lokha asilikali a Britain oposa 19,000 anafa.

Komabe nkhani imene ndimafuna Amalawi anzanga muimve ndi ya kulemera. Mfuti ya Vickers, mdzukulu wa Maxim imene Britain inayamba kugwiritsa ntchito mu 1912, ikakhala ndi madzi ake inkalemera makilogalamu pafupifupi 18. Miyendo yake inkaposa makilogalamu 20. Bokosi la lamba mmodzi wa zipolopolo 250 linali ngati makilogalamu 10, ndipo mfutiyo ikalusa, lambayo ankatha theka la mphindi lisanapitirire kwenikweni. Ndiye werengani mabokosi ofunika pa nkhondo ya tsiku lathunthu, muwonjezere zigubu za madzi. Ku Ulaya kunali sitima, akavalo ndi magalimoto. Nkhondo yomweyo itafika kummawa kwa Africa, akavalo ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe, misewu inali yochepa. Katundu yense ameneyu anakwera pamitu ya anthu.

Anthu akewo anali atengatenga. Kuchokera ku Nyasaland kokha anatengedwa amuna pafupifupi 200,000, ambiri mokakamizidwa, kusenza zipolopolo, ufa ndi zida kulowera ku Karonga mpaka m'dziko la Tanganyika ndi Mozambique. Ankafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, ndipo kumudzi minda inkagonera. John Chilembwe anaziona msanga. Chakumapeto kwa 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene si yawo. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ambiri a iwo Aafirika, sanalembedwe mayina paliponse. Mfuti inasungidwa, inapakidwa mafuta, nambala yake ikuwerengeka mpaka lero. Amene anaisenza sitikudziwa n'komwe kumene anagona.

Masiku ano mfuti imatchedwa yaikulu chifukwa cha kukula kwa chipolopolo chake, mamilimita 12.7 kapena kuposa. Browning M2 ya ku America inayamba ntchito mu 1933 ndipo ikugwirabe. DShK ya ku Soviet Union ndi ya mu 1938. Sizifunanso madzi, zimaboola galimoto ndi khoma la njerwa, ndipo zimamangidwa kumbuyo kwa pikapu ndi owotcherera ngati ine ndemwe. Zida zoterezi n'zimene zadzaza kummawa kwa Congo, kumene mu Januwale 2025 asilikali a Malawi ndi a South Africa anafera limodzi pa nkhondo ya ku Goma.