Ingrid Bergman: ndafika pa zaka za ku Italy

Ntchito yanga yoonera mafilimu a Ingrid Bergman motsatira zaka ikuyenda, ngakhale mwakachetechete. Za ku Hollywood ndathana nazo, kuyambira Intermezzo ya 1939 mpaka zitatu zija za wotsogolera mafilimu Alfred Hitchcock. Casablanca ndangoibwereza mwamwambo. M'kope langa tsopano ndatsegula tsamba la 1950, ndipo apa ndi pamene nkhani yafika pokoma.

Mu 1948 mayiyu anali pachimake, mphoto ya Oscar ya Gaslight ili kale m'manja. Koma analembera kalata Roberto Rossellini, wotsogolera mafilimu wa ku Italy, kumupempha kuti agwire naye ntchito. Chinatulukapo ndi Stromboli, filimu yojambulidwa pachilumba cha phiri lophulika kumpoto kwa Sicily. Kumeneko awiriwa anagwa m'chikondi, Ingrid akadali pabanja ndi Petter Lindström, ndipo mu February 1950 kunabadwa mwana wamwamuna. Ku America anthu anaipidwa kotheratu, mpaka phungu Edwin Johnson anaima m'nyumba ya malamulo n'kumunyoza poyera, ngati dziko linalibe milandu ina.

Filimuyo njolemera, sindinama. Ingrid ndi Karin, wothawa nkhondo amene akukwatiwa ndi msodzi pongofuna kutuluka mumsasa, n'kukapeza kuti pachilumbapo ndi miyala yokhayokha, ndipo akazi a m'mudzimo samufuna. Pamene ndinaimitsa n'kubwerera m'mbuyo ndi pa usodzi wa tuna. Asodziwo ndi enieni, osati ochita sewero. Akukoka ukonde akuimba, nsomba zazikulu ngati munthu zikuphiriphitha, madzi akuthovokera m'boti, Ingrid atakhala pomwepo nkhope yanyowa, akuoneka kuti mseru wamugwira. Palibe magetsi ofewa aja amene ankamuwalitsa ku Hollywood. Kwa ine, apa ndi pamene ndamuona akusewera zenizeni, kuposa pamene ankalandira mphoto.

Chenjezo kwa ofuna kuionera: kampani ya RKO inaidula n'kusintha mathero ake poionetsa ku America. Funani yaitali ya Rossellini mwini wake.

Zotsatira pamndandanda ndi Europa '51 ndi Journey to Italy ya 1954. Anastasia ya 1956, imene inamubwezera ku Hollywood ndi Oscar yachiwiri, ndikuilakalaka, koma idikire kaye, sindidumpha mzere.