Wolankhula ndi Wachete M'kalasi Yanga

Ndimaphunzitsa saikoloje ya maphunziro pa koleji ina ya aphunzitsi kuno ku Chipata, ndipo sabata yathayi tinali pa mutu wa mbali zisanu za khalidwe la munthu, zimene akatswiri Paul Costa ndi Robert McCrae anazifufuza kwa zaka zambiri: kumasuka pagulu, kugwirizana ndi ena, kukonda zinthu zatsopano, kuda nkhawa msanga, ndiponso khama lochita zinthu mwadongosolo.

Lolemba ndinagawa ophunzira m'magulu kuti akambirane. Mnyamata wina wa ku Petauke analankhula ola lonse mokometsera, anzake akuseka ndi kuwomba m'manja, pamene mtsikana wina wa ku Chadiza anangokhala duu, cholembera chili m'manja. Ndiulule kuti mumtima ndinali nditamupatsa kale mnyamatayo malikisi ochuluka.

Mayeso aafupi a Lachiwiri ndiwo anandichititsa manyazi. Ndinachonga mapepala usiku ndi kuwala kwa foni chifukwa magetsi anali atazima, ndipo pepala la mtsikana uja linali lokhwima kuposa onse, pamene la mnyamatayo linali ndi mawu ambiri opanda fupa. Sindinayenere kudabwa, popeza ndine ndemwe ndimawauza kuti Arthur Poropat, atasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2009, anapeza kuti mwa mbali zisanuzi, khama ndi dongosolo ndizo zimayenda limodzi kwambiri ndi kukhoza bwino. Koma kudziwa chinthu cha m'buku n'kwina, ndipo khutu la mphunzitsi limakopekabe ndi wolankhula.

Lachitatu ndinamuitana mtsikanayo ku ofesi. Analowa akunjenjemera poganiza kuti walakwa.

"Aphunzitsi, mayankho ndimakhala nawo, koma ndisanawakonze bwino m'mutu, anzanga amakhala atapita kale pa funso lina," iye anatero.

Anandionetsa kope limene amadzilemberamo mafunso madzulo alionse, n'kuwayankha buku litatsekedwa. Njira imeneyi palibe anamuphunzitsa, komatu ndi yomwe Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti imathandiza kukumbukira kwa nthawi yaitali kuposa kungobwereza kuwerenga. Mnyamata uja, nditamufunsa, anavomera akuseka kuti amatsegula buku mayeso akatsala usiku umodzi.

Lachinayi ndinasintha kachitidwe. Ndisanalole aliyense kukweza dzanja, onse analemba yankho lawo kwa mphindi zitatu, kenaka ndinasankha ndekha owerenga. Anthu amene sindinamvepo mawu awo chiyambire temu analankhula, ena mwachibwibwi, koma za nzeru.

Pa msonkhano wa Lachisanu ndinapempha kuti malikisi a kutenga nawo mbali asamaperekedwe pongowerenga amene alankhula. Mnzanga wina anatsutsa kuti tikuphunzitsa aphunzitsi, ndipo mphunzitsi wosatsegula pakamwa sadzatha kuima pamaso pa ana ku Vubwi kapena ku Lundazi. Mfundo yakeyo ndi yoona, ndipo sindinathe kuigwetsa. Tinagwirizana zoti mtsikana uja ayambe kuphunzitsa kagulu ka anthu anayi, pamene mnyamatayo azindibweretsera ndondomeko yake ya kuwerenga Lolemba lililonse.