Ndinadula lamba wonolera lumo wa amadala, pano ndikuphunzira zikopa

Uno ndi mwezi wachinayi ndikuphunzira zometa pa Nchalo pano, kwa mdala wina amene anayamba kumeta anthu ogwira ntchito ku mizimbe ine ndisanabadwe. Zamakina sizikundivuta kwenikweni, magetsi akakhalapo ndimatha kumeta ana asukulu khumi popanda mayi wobwera kudzadandaula. Chomwe chandizunguza mutu ndi kalumo kachikale kopinda kaja, kosasintha lezala, kakabuntha umanola wekha. Amadala ali nako kamodzi kolembedwa Solingen pachitsulo, ndiye kuti n'ka ku Germany, ndipo kasitomala sitimumeta nako ayi, aliyense ndi lezala yake yatsopano chifukwa za HIV ndi hepatitis B si zamasewera. Kameneka amametera ndevu zawo zokha Loweruka madzulo tikatseka.

Kuseri kwa chitseko pa msomali pamapachikika lamba wachikopa wakuda bii, wosalala ngati tsaya la mwana. Ine masiku oyamba ndinkangoti ndi lamba wakale wa buluku, kapena woopsezera ana ovuta pampando. Eti ndi wonolera lumo, azungu amati strop. Ndiye tsiku lina amadala atapita kumaliro ku Ngabu ine ndati lero ndiyeseko, ndatenga kalumo kaja ndikuyamba kukhwekhwereza ngati mmene timanolera mpeni pamwala, kukuthwa kuli patsogolo. Kamodzi, kawiri, kachitatu ndangomva tsee, chikopa chatseguka kakamwa pafupi ndi chogwirira. Thukuta la kuno mukulidziwa kale, koma la tsiku limenelo linali lina.

Atabwera sanakalipe, anangouyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Iwe mwanawe, lamba ameneyu ndi wamkulu kuposa iweyo." Kenako anadula kachikopa kotukuka kaja, n'kupala pamalopo ndi sandipepala yosalala kwambiri mpaka chala chisamakodwe. Ine ndinati, "Madala pepani, ndigula wina." Anaseka. Nthawi imeneyo sindinamvetse chomwe amaseka.

Anandikhazika pansi n'kundionetsa, ndipo apa mpamene mutu unatseguka. Lamba uja sadya chitsulo ngati mwala. Mwala ndi wa lumo loti labunthiratu, lamba ndi wa tsiku lililonse usanamete. Kukuthwa kwa lumo ndi kopyapyala moti kakadutsa mu ndevu kamapindikapindika timalo tosaoneka ndi maso, ndiye chikopa chimawongola ndi kupukuta basi. Umagoneka lumo lonse pachikopa, msana ndi kukuthwa zonse zikhudze, msana ndi umene umatsogola, kukuthwa kumatsatira m'mbuyo. Ukafika kumapeto sunyamula, umaligubuduza pamsana pake pomwepo n'kubwerera. Dzanja lina likoke lamba akhale njo, akangokhwepa amapinda n'kumazungulira kukuthwa kuja, mmalo mowongola ukubunthitsa. Ndipo osadinikiza, kulemera kwa lumo lokhalo kwakwana. Iwo amayamba mbali ina ya lambayo, yansalu yolimba, kokwana 20, kenako pachikopa 40 kapena 50, akucheza, osayang'anako n'komwe. Ine anandipatsa supuni ndi nyuzipepala yopinda yokoleka pa waya, ati uzichita zimenezi sabata yonse usanagwirenso chinthu changa.

Usiku ndinagula bandulo ndikufufuza mitengo, pajatu ndinalonjeza. Abale inu. Zikopa zake zilipo zamitundumitundu, cha ng'ombe chomwe amati latigo chamafutamafuta chogwira lumo ukamakoka, china English bridle, cha hatchi, ngakhale cha kangaroo cha ku Australia. Mfumu yake ndi shell cordovan, kachigawo kakang'ono kochokera kumatako kwa hatchi, kampani ya Horween ku Chicago imatenga miyezi yosachepera 6 kuchikonza, ndipo malamba a Kanayama a ku Japan otchuka aja ndi a cordovan. Amenewo mtengo umadutsa madola 100 osatuluka thukuta. Apakatikati ndi cha m'ma 40 mpaka 80, otchipa a ku China ndi pansi pa 20 koma ena mwa iwo amabwera atawapinda mu phukusi, mzere wopindira uja suchokanso. Tsono muike dola pa kwacha yathuyi imene inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, muonjezere zotumizira, msonkho, komanso kupeza munthu wa khadi loti lilipire kunja, ine amene ndimalandira ya sopo yokha ndinangozimitsa foni. Apa ndinamvetsa kuseka kuja.

Mmawa ndinadzuka ndi nzeru ina, ndati ife a ku chigwa tizivutika ndi chikopa ng'ombe zili mbwee kuyambira Chikwawa mpaka Nsanje? Ndinapempha kachidutswa kwa wopha nyama wina pamsika, ndapala ubweya, ndakhomera pathabwa padzuwa. Masiku atatu chinauma gwa ngati lata, chokwinyika, chonunkha moti agalu a aneba anasamukira kwathu. Amadala atachiona anati chimenecho kapereke kwa okunga ng'oma. Chikopa chouma chabe ndi chikopa chofufuta ndi zinthu ziwiri. Chofufuta chimaviikidwa m'madzi a makungwa a mitengo kwa masabata ambiri, kapena mu mankhwala a chrome amene amachita changu, ndipo pa lamba wa lumo ambiri amakonda cha makungwa chifukwa chimakhala cholimba chosatamuka. Zimandiwawabe kuti ng'ombe tili nazo koma luso limeneli kuno silikuoneka.

Kenako ndinazungulira pa kaunjika kusanthula malamba a mabuluku. Ambiri ndi pulasitiki yovekedwa nkhope ya chikopa, ukapinda imachita timing'alu toyera, ena ali ndi ulusi m'mbali kapena maluwa odinda, zonsezo zimakodola lumo. Amadala anandiphunzitsa kusankha ndi zala osati maso: uyendetse chala kuchokera kumtunda mpaka kumunsi utatsinzina, pasakhale chotupa, chipsera cha nkhupakupa kapena cha waya, uugoneke patebulo uone ngati m'mbali simukutukuka ngati bwato. Uyang'ane podulidwa, chikopa chenicheni chimaoneka tiulusi tamnofu, si zomatamata zosanjikiza. Ununkhizenso, anthu akuseke palibe kanthu.

Za m'lifupi ndinalimbana nazo ndekha. Chitsulo cha lumo chimatalika pafupifupi mainchesi 3, ndiye lamba wa mainchesi 3 amakwana lumo lonse ulendo umodzi, n'chifukwa chake amadula. Wa amadala ndi wa mainchesi 2 okha, amayendetsa lumo chopingasa ngati akulemba X kuti nsonga ndi tsinde zonse zilaweko. Ine poyamba ndinkati wotakata ndiye wabwino kwa wophunzira, pano ndikukayika, chifukwa wotakata sachedwa kupindika m'mbali, makamaka nyengo yathu ino.

Nyengoyi pa intaneti sindinaone woitchula, onse amalemba ali kozizira. Kuno October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, mu shopu ya malata chikopa chimauma n'kuyamba kuthetheka. Amadala mmawa uliwonse amachisisita ndi chikhatho mpaka chifunde, mafuta a m'dzanja ati ndi okwana, ndipo anandiletsa kupaka mafuta ophikira kapena polishi ya nsapato. Dzinja likafika vuto ndi chuku. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 ati anamangirira lambayo kudenga limodzi ndi makina, madzi ataphwera anamupeza wamera chuku koma wamoyo. Ndiye ndimadzifunsa, munthu uike malipiro a miyezi ingapo pa cordovan kenako uzimupachika pamalo otere, komanso dzanja lako likadali lodula?

Zomwe ndachita ndi izi. Mnzanga wa minibasi ya ku Blantyre anandipezera chidutswa cha chikopa cha ng'ombe chofufuta bwino kwa wosoka nsapato ku Limbe, mtengo wake sunafike ngakhale wa thiransipoti yokwera Thabwa kupita ndi kubwera. Ndachimata ndi guluu pa kathabwa kowongoka kamene kalipentala anandipalira, mbali yosalala kumwamba. Pathabwa palibe zokhwepa, ndiye vuto limodzi lachoka, latsala la kugubuduza pamsana. Ndachicheka kale kanayi, ndipo nthawi iliyonse ndimangoti bola si cha madola. Chidutswa chotsala ndikusunga, ndikadzapeza phala lobiriwira lonolera lotchedwa chromium oxide ndidzapaka pamenepo, chifukwa limenelo limadya chitsulo pang'ono ndipo ukangolipaka pa lamba wa tsiku ndi tsiku silichokanso.

Loweruka lapitali amadala anandipatsira kalumo kaja osalankhula, n'kuloza kathabwa kanga ndi mlomo. Ndinawerenga 50 mumtima manja akunjenjemera. Anakayesa paubweya wa pamkono, kenako anapaka thovu n'kumeta tsaya lamanja, kakumveka kuti khwee khwee. Asanayambe lamanzere anadzuka, kupita kuseri kwa chitseko, n'kukapititsa pa lamba wawo wachipsera uja kokwana khumi. "Kunsonga sukufikako, mwanawe." Za lamba watsopano amene ndinalonjeza sanafunsebe.