Thilamu ya agogo inkalavuladi moto

Agogo anga aamuna anali ndi nkhani imodzi imene ife adzukulu tinkaiika m'gulu la mabodza awo okoma. Ankati ku Joni kunali sitima yoyenda pakati pa msewu, yosanjikizana pawiri ngati nyumba, yopanda malasha, yopanda utsi, ndipo usiku inkalavula moto wabuluu pamutu pake. Dzina lake ankati thilamu. Ife tinkangotsinana. Mwana wa ku Zomba sitima amaidziwira m'buku, chifukwa njanji inatilambalala kalekale: ina inachoka ku Blantyre kulowera ku Balaka ndi ku Salima, ina ija ya ku Nacala inakawolokera pa Liwonde. Ndiye sitima yopikisana ndi njinga mumsewu? Tinkanong'onezana kuti masese ayamba kuyankhula.

Mwezi wathawu, usiku wina magetsi atazima kwathu ku Chinamwali, mvula ikuwaza pa malata, ndinali ndi bandulo yausiku imene inkatha m'bandakucha. Tulo kunalibe. Pa YouTube ndinagwera m'makanema akale a m'mizinda ya kunja, ojambulidwa usiku m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Mulibe nkhani, mulibe woyankhula. Munthu wangoimika kamera pakona kapena waitulutsa pa windo la galimoto, basi. Msewu wanyowa, magetsi a masitolo akuonekera kawiri, m'mwamba ndi m'madzi. Kenako chikubwera chinthu chachitali chowala m'kati ngati nyali ya galasi, mitu ya anthu ili ndondondo m'mawindo. Chitafika pokhota, pamwamba pake panachita phethi! Moto wabuluu.

Ndinakhala tsonga pabedi. Ndinabwezera kanayi.

Motowo ulibe matsenga. Thilamu imakoka magetsi pa waya womangidwa m'mwamba motsata msewu. Padenga pake pali chitsulo chachitali chokhala ndi kawilo kunsonga, kamene kamayenda kakukhudza wayayo, ndipo magetsiwo akayendetsa injini amabwerera kudzera m'njanji. Pamphambano, pamene mawaya akumana, kawiloko kamadumpha pang'ono, magetsi n'kulumpha mpatawo. Ndiwo moto umene agogo ankanena. Ankanenanso kuti nthawi zina chitsulocho chinkaphonyeratu waya, m'kati monse mdima bii, kondakitala n'kutsika kukachikolekanso anthu akudikira. Pamenepa ndi pamene tinkaseka kwambiri. Pepani agogo.

Makanema ambiri amene ndinaona usiku umenewo anali a ku America ndi ku Britain. Zoti mathilamuwo anali pafupi kutha, anthu akuonekawo sakusonyeza kudziwa. London inaimitsa ake mu 1952, Glasgow mu 1962, Los Angeles mu 1963. Njanji zinali zitaperepeseka pa nthawi ya nkhondo, kuzikonza kunkafuna ndalama zambiri, basi siifuna njanji, ndipo eni magalimoto ankati chimenechi chikutitsekera msewu. Koma ine zanga sizinali ku London. Ndinalemba Johannesburg.

Kumeneko mathilamu amagetsi anayamba mu 1906 n'kutha mu Malichi 1961, ndipo analidi osanjikizana pawiri. Agogo anafikako chakumayambiriro kwa m'ma 1950. Sanapite pa Wenela ngati anzawo amene ankalowa pansi m'migodi. Iwo anapita paselefu, kudzera ku Salisbury (Harare wa lero), akumagwira ganyu m'njira. Anapeza ntchito yophika ndi kuchapa m'nyumba ina yosanja pakati pa tauni. Amuna a ku Nyasaland ankadziwika ndi ntchito zoterezi, za m'khitchini ndi m'mahotela. Anabwerako patapita zaka pafupifupi khumi, kumudzi atayamba kale kuwatchula kuti mtchona, atanyamula sutikesi yachitsulo, jasi lakuda lolemera ngati bulangete, ndi mawu angapo a Chizulu otukwanira mbuzi.

Za Joni usiku ndinapeza zochepa, tizidutswa ta masekondi. Kamera za nthawi imeneyo zinali zopukusa ndi dzanja ngati wotchi, zimayenda mwina theka la mphindi n'kuima, ndiye chilichonse chimaduka msanga. Ndinayamba kuchita chinthu chopusa: kufunafuna agogo. Ndikaona munthu akuwoloka msewu, ndimaimika, ndimakulitsa ndi zala, mpaka chithunzi chisanduke phala.

Sindinawapeze, ndipo m'kupita kwa masiku ndinamvetsa chifukwa chake. Zifukwa zake n'ziwiri, ndipo zikugwirana manja.

Choyamba ndi filimuyo. Filimu yamitundu imene anthu ankagula masiku amenewo, monga Kodachrome imene inatuluka mu 1935, inkafuna kuwala kwambiri. Masana inkatulutsa zokongola. Usiku inkangogwira chimene chikuyaka chokha: zilembo za neon, mawindo a masitolo, nyali za magalimoto, m'kati mwa thilamu. Zina zonse zimamira. Mzungu akadutsa pafupi ndi windo, nkhope yake imatuwa pang'ono, umaona kuti uyu ndi mayi, wavala chipewa. Munthu wakhungu ngati langa akadutsa pomwepo, chimene umaona ndi kolala yoyera ya malaya ikuyenda yokha. Kapena suona kanthu, umangozindikira kuti kuwala kwa sitolo kwatsekeka kamphindi, ndiye kuti padutsa munthu.

Chachiwiri ndi lamulo. Munthu wakuda sankaloledwa kuyenda m'tauni ya azungu usiku ikakwana nthawi yoikika, pokhapokha atanyamula kalata yapadera yolembedwa ndi bwana wake, kuwonjezera pa pasi yake ya masiku onse. Mathilamu nawo anali osankhana, a azungu paokha, a anthu akuda paokha. Choncho msewu wokongola uja, wonyezimira ngati wapakidwa mafuta, unali utasesedwa kale kamera isanafike. Wojambulayo sananame. Anajambula chimene chinalipo, ndipo ena anali atauzidwa kuti asakhalepo.

Pali china chimene chimandinyansa. Ambiri oika makanemawa pa intaneti masiku ano amapaka mitundu ndi kompyuta pa amene analibe mitundu, n'kuthiramo phokoso la mahutala, mabelu ndi mapazi. Makanema a anthu wamba a nthawi imeneyo anali osalankhula. Phokosolo ndi lobwereka, ndipo ukamvetsera bwino hutala yemweyo amalira ku Chicago ndi ku Glasgow. Mitunduyo nayo imasinthasintha, jasi limodzi limayamba lofiirira n'kuthera lapepo. Ine ndimatsitsa voliyumu mpaka pansi. Bola chete uja, ngakhale kuti kwathu kuno chete wake amakhala wa achule a m'dambo ndi njinga yamoto ya kabaza wochedwa.

Loweruka lapitali ndinakwera Sienta kupita ku Songani kwa azakhali, mwana woyamba wa agogo. Iwo anali kamtsikana pamene bambo awo ankabwera ndi sutikesi ija. Ndinawapeza akusola chimanga pakhonde.

"Azakhali, ndakubweretserani Joni."

"Iwe, Joni yake iti? Ya anyamata ogulitsa zinthu pamsewu aja?"

"Ayi, ya agogo."

Anapukuta manja pachitenje, anatuma mdzukulu kukatenga magalasi, tinalowa m'nyumba chifukwa panja foni siioneka. Thilamu itatulukira sananene kanthu. Moto utaphethira anangoti, "Hmm," ngati munthu amene wamva mlandu umene ankaudziwa kale mathero ake. Iwo sanakayikirepo nkhani ya bambo awo. Okayikira tinali ife ophunzira.

Kenako anati, "Imika. Kweza m'mwamba."

Ndinawauza kuti sizitheka, kamera inaloza pamene inaloza.

"Ndiye wajambula chiyani? Bambo ankagona pamwamba."

Izi ndinali ndisanazimvepo. Nyumba zosanja za ku Joni zinali ndi tizipinda ta antchito padenga penipeni, pafupi ndi matanki a madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Anthu ankagonamo ambiri, moti boma la kumeneko linakhazikitsa lamulo mu 1955 lochepetsa chiwerengero chawo. Agogo ankati akamaliza kutsuka mbale za chakudya chamadzulo ankakwera masitepe akumbuyo, n'kukatsamira kakhoma ka padenga ndi anzawo, wina wa ku Nkhata Bay, wina wa ku Mozambique, akusuta fodya mmodzi mopatsirana. Kutsika sakanatha, nthawi yakwana. Ndiye ankangoyang'ana pansi.

Apa m'pamene nkhani yonse inandikhalira bwino. N'chifukwa chake sankanena za mipando ya m'kati, kapena za zimene zinali m'mawindo a masitolo, zimene makanemawa adzaza nazo. Ankanena za denga la thilamu ndi moto wake, poti ndi zimene munthu wa padenga amaona. Mu kanema, pamwamba pa zilembo zowala pali mdima wokhawokha, ndipo ine ndinkauyesa thambo.

Azakhali anafunsa ngati ilipo ya Zomba usiku ya zaka zomwezo. Paja kuno ndiye kunali likulu mpaka 1975, bwanamkubwa ankakhala konkuno, asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda) ankaguba konkuno. Zimene ine ndaonapo n'zamasana zokhazokha: perete, mbendera, phiri kumbuyo. Ndinawauza kuti tsiku lina ndidzakwera kumtunda ku National Archives, kosungira zolemba ndi zithunzi zakale za dziko, ndikafunse. Anaseka. Anati usiku wa Zomba umene iwo akuukumbuka unali wa koloboyi ndi ziphaniphani, magetsi anali a kumtunda kwa azungu, ndiye filimu yanga yosaona mumdimayo ikanajambula chiyani?

Tinabwereranso ku Joni. Pali malo ena pamene moto uja ukaphethira, kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, pakona pamaoneka mwamuna wakuda wovala jasi lalitali ndi chipewa, wanyamula kaphukusi m'khwapa. Ndinali nditamupeza kale kunyumba, ndipo kunena zoona ndiye anandikweza Sienta. Ndinavutika kuimika pamalo pake, chala chimachedwa. Kachisanu ndinamugwira.

Azakhali anayandikitsa foni mpaka pamphuno. Anakhala nthawi.

"Si iwo. Bambo chipewa sankapendeketsa chonchi, ankati n'zauchigawenga."

Anandibwezera foni, kenako anailandanso.

"Koma jasilo ndi lomwelo. Tabwezera."