Katoni ya makilogalamu 7 imene tinailipira ngati ya 20

Shopu yathu ili ku Limbe. Timagulitsa zipangizo za matelala: singano, mazipi, mabatani, ulusi, malamba a makina, mabobini ndi timamota tomangirira pa makina opalasa. Tinaitsegula mu 2019, ine ndi bambo a kunyumba, ndi mpamba umene ndinakongola ku banki m'khonde. Zaka ziwiri zoyambirira tinkapikula konkuno kwa amalonda akuluakulu, n'kumapezapo kaphindu kongokwanira lendi ndi ufa. Amene anatilowetsa m'zogula pa intaneti ndi bambo ena achikulire osoka pakhonde pafupi ndi msika.

Anabwera m'mawa wina atakulunga kachitsulo kothyoka m'kansalu. "Mayi, tandifufuzireniko kameneka. Makina angokhala, ino ndi sabata yachitatu." Kanali kokhalamo bobini. Makina awo ndi Singer 201K, ndipo K ameneyo amaimira Kilbowie, fakitale ya ku Clydebank ku Scotland imene inatsekedwa mu 1980. Zipangizo za makina a Butterfly zimene zili mbwee m'mashopu sizikwanapo. Tinakapeza pa eBay, kwa ogulitsa awiri a ku Britain. Woyamba sankatumiza katundu ku Malawi. Wachiwiri anavomera, koma ndalama yotumizira inaposa mtengo wa kachitsuloko kangapo. Tinaimbira alamu anga amene amakhala ku Leeds, tinalembetsa adiresi yawo, ndipo kanabwera m'sutikesi mwawo mu Disembala. Bambo aja atakalandira anakatembenuzatembenuza m'manja nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, "Ndi komweko."

Kuyambira pamenepo tinalimba mtima n'kuyamba kuyang'ana ku China. Tinayamba ndi timaphukusi ting'onoting'ono ta pa AliExpress, tobwera pa positi motsika mtengo. Njira imeneyi ndimaikondabe poyesa katundu watsopano, monga mtundu wa zipi umene sindinauonepo. Koma si yodalira pa malonda. Kaphukusi kena kamafika pakatha milungu itatu, kanzake miyezi iwiri, ndipo telala amene walandira kale ndalama ya diresi la ukwati sangadikire zimenezo.

Zimene zinatiphunzitsa kwambiri ndi zidole. Matelala ambiri ankafunsa zidole zapulasitiki zoonetsera zovala, ndipo pa Alibaba tinazipeza pa mtengo wotsika moti tinaona ngati tatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Mtengowo unali wa EXW, kutanthauza kuti wogulitsa amathera pakhomo la fakitale yake, zina zonse n'zako. Tinalipira, n'kuuza wogulitsayo kuti apereke katoniyo kwa ejenti wina wa ku Guangzhou amene amasonkhanitsa katundu wa Amalawi n'kumutumiza pa ndege. Tinkadziwa kuti ikulemera makilogalamu 7, ndipo tinali titawerengera kale ndalama ya makilogalamu 7.

Usiku wina ejentiyo anatumiza zithunzi pa WhatsApp. China chinali cha katoni ili pasikelo, ikuonetsadi 7. Zitatu zinali za tepi yoyezera, ngati yathu ya matelalayi, ataiyala m'litali, m'lifupi ndi msinkhu: masentimita 60, 50 ndi 40. Pansi pake analemba kuti tilipire makilogalamu 20. Bambo a kunyumba anaimba foni mtima uli m'mwamba, poganiza kuti tikuberedwa. Munthuyo anatifotokozera modekha kuti m'ndege amagulitsa malo, osati kulemera kokha. Amachulukitsa manambala atatuwo, n'kupeza 120,000, kenako n'kugawa ndi 6,000. Yankho lake ndi 20, ndipo umalipira nambala imene yakula pakati pa ya sikelo ndi ya tepi. Makampani ofikitsa katundu pakhomo monga DHL amagawa ndi 5,000, ndiye kumeneko ikanakhala 24. Panalibe kuba kulikonse. Tinali titagula mpweya wa m'kati mwa zidole n'kuukweza ndege.

Sizinathere pomwepo. Msonkho wa MRA sawerengera pa mtengo wogulira wokha. Amaphatikiza mtengo wa katundu, ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi, ndipo pamwamba pa zonsezo pamabweranso VAT, imene nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti. Ndiye ukaboola m'thumba pa ndege, bowolo limakulanso pa msonkho. Zidole zija tinazigulitsa pa mtengo wongobweza ndalama yathu, ndipo ziwiri zikadali pawindo la shopu, zavala zitenje.

Lero sindilipira wogulitsa aliyense asanandiuze kukula kwa katoni ndi kulemera kwake. Ndimafunsanso ngati zinthuzo zingalowetsane ngati mbale, chifukwa kapakidwe kokha kamatha kuchotsa theka la ndalama yonyamulira. Zing'onozing'ono zamtengo wapatali, monga singano, mabobini ndi mapazi a makina, zimakwera ndege ndipo timazilandira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mafuta a makina ma ejenti a ndege amawakana, ndipo nyale zokhala ndi mabatire amazilipiritsa mwapadera. Zonse zazikulu, monga ulusi wa m'makoni, siponji ndi zidole, zimayenda pamadzi.

Pamadzi amawerengera CBM, malo okwana mita imodzi mbali zonse. Katoni ya zidole ija inali 0.12 chabe. Timachita chiphatikizo m'kontena imodzi ndi amalonda ena, aliyense dzina ndi nambala ya foni zitalembedwa pa makatoni ake. Sitima imatsitsa pa doko la Beira, kontena n'kukwera thiraki kudutsa ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Anzathu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ambiri amadzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Zapamadzi n'zotsika mtengo kwambiri, koma ife timawerengera miyezi itatu, ndipo miyezi itatu m'dziko muno ndi nthawi yaitali.

Tinaziona mu Novembala 2023. Makatoni athu anali pamadzi, ndipo tinagwirizana ndi ejenti kuti tidzalipira zonyamulira katundu akafika, pa mtengo wa dola wa tsikulo. Mwezi womwewo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dola iliyonse ya ngongole yathu inakwera ndi K520 tili mtulo. Ndinabwereranso ku banki m'khonde kukakongola kuti tiombole katundu amene tinali titamugula kale. Amayi ena a m'gululo anandikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mawu amenewo anandipweteka, koma anali oona. Tsopano ndalama yonyamulira timalipira tsiku limene kontena yatsekedwa, ngakhale kuti kupeza madola kubanki n'kovuta ndipo khadi nthawi zina imakana.

Kalendala yathu nayonso inasintha. Mafakitale a ku China amatseka milungu ingapo pa chaka chawo chatsopano, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, ndiye oda ya kumayambiriro kwa chaka timaitumiza mu Disembala. Mazipi ndi mabatani a mayunifolomu a sukulu zotsegulira mu Seputembala timaoda mu Meyi.

Bambo a Singer aja anabweranso mwezi wathawu. Akufuna kasipuling'i ka pomangira ulusi, ndipo ndakapeza kale kwa wogulitsa wina wa ku Britain. Ndawauza kuti alamu akubwera mu Ogasiti. Anawerenga miyezi pa zala, n'kunena kuti kakaleko akamanga ndi kawaya, kafika mpaka Ogasitiyo.